Khola lachitatu la mbira zanga

Chaka chachiwiri cha chikamwini changa ku Malomo mtima sunkakhala m'malo. Anzanga ankapita ku Halale wapansi n'kubwerako ndi majekete, ine ndili m'munda wa apongozi kupalira chimanga chimene sindikanachitcha changa. Ndinapangana ndi amuna atatu a ku Dzoole kuti tikakolola tinyamuke. Mkazi wanga sindinamuuze. Anali ndi pakati, ndipo ndikati ndiyambe nkhaniyo ndinkapezeka ndayamba ina.

M'masiku omwewo ndinafolera nyumba ya mphunzitsi wa sukulu ya mishoni, iye n'kundithokoza ndi mbira ziwiri. Sizinali zija za m'matanthwe, koma zing'onozing'ono zamawanga zimene Azungu anabwera nazo. Zonse zinali zazimuna. Apongozi aakazi atamva anayankhulira kuseri kwa nkhokwe, poti ine ndi iwo sitinkayang'anizana: "Chiweto chosaswana. Akamwini athuwa atilemeretsa ndithu."

Khola loyamba ndinamanga ngati la nkhunda, pamwamba pa mitengo inayi, pansi pake nsungwi zotalikirana. Timiyendo ta mbirazo tinkagwera m'mipata, mphepo ya m'phiri n'kumaziwomba mpaka kunjenjemera. Ndinaligwetsa. Lachiwiri ndinaumba ndi dothi pakhonde, koma linachepa. M'menemo zinalumana mpaka ina khutu linang'ambika. Ndinaika mpanda wa bango pakati, ndiye zinaleka kudya, tsiku lonse kumangolirirana pabangopo. Kunena zoona zinandikwiyitsa. Kuziika pamodzi nkhondo, kuzilekanitsa maliro.

Lachitatu ndinachita kulikhalira pansi. Ndikachoka kumunda sindinkapuma, chifukwa ndikangokhala chete maganizo ankathamangira kunjira. Ndinalimanga lalitali mikono itatu, lofulatira mphepo, pansi pozira bwino. M'kati ndinavundikira miphika iwiri yobooka m'mbali kuti iliyonse ikhale ndi pobisala pake, zakudya ndinkaikanso pawiri. Ndewu inatha. Chitseko ndinachipanga chopepuka, chotsekulira pamwamba.

Chimanga chitauma ndinaitana mkazi wanga kuti aone kasamalidwe kake. Anakhala pamtondo, manja ali pamimba. Ndinamulongosolera zonse: udzu wogonapo kusintha pakapita masiku awiri, kholowa kuzipatsa mame atauma, phulusa kuwaza mozungulira kuopa linthumbu, mwala kutsamiritsa pachitseko kuopa vumbwe. Ndinayankhula kwambiri, kuposa mmene ndinayankhulirapo naye chaka chonsecho.

Nditatha anatsekula chitsekocho ndi dzanja limodzi, n'kuchitsekanso.

"Ichi mwapangira munthu wosatha kuwerama," anatero. "Mukunyamuka liti?"

Manyazi anandigwira. Ndinayamba kukana, koma iye ankangondiyang'ana.

"Tikakolola," ndinayankha.

"Amayi ankanena kuti mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka, ine n'kumakuikirani kumbuyo. Mbira mwaziganizira mphepo, mwaziganizira linthumbu. Ine bwenzi nditamva kwa anthu kuchitsime kuti mwapita."

Sanalire. Anapita kukapeta mphale yake, ine ndinatsala ndi chikwanje m'manja, wopanda choti ndidule.

Ndinapitabe. Miyendo inali itanyamuka kale, ndipo ndinkadziuza kuti chaka chimodzi si kanthu. Dzinja linagwa kanayi ndili ku Halale komweko. Tsiku limene ndinabwerera ku Malomo, nditavala jekete langa, ndinapeza kamtsikana pabwalo kakukoka mtolo wa kholowa. Mphumi inali yanga yeniyeni. Ndinagwada, n'kutambasula manja. Kanataya mtolowo, kanathamangira m'nyumba kakufuula kuti, "Amayi, kwabwera alendo."