Supuni Pamwamba pa Kapu

Linali Loweruka la mu Julaye, cha m'ma folo koloko madzulo, pamene bambo ena a ku Turkey, oyandikana nawo nyumba ku Nairobi, anandiitana kukamwa tiyi. Ndinali nditangofika kumene kudzagwira ntchito ya mpingo, ndipo iwo anali oyamba kunditsegulira khomo. Sindinafune kuwakhumudwitsa.

Tiyi wake anali wakuda bii, wopanda mkaka, wa m'tikapu tagalasi. Ndikangomaliza, akazi awo ankathiranso. Kwathu kukana cha mwininyumba n'chipongwe, choncho ndinkangomwa. Pofika kapu yachisanu ndi chiwiri, ndinkachita kudzikakamiza kuti ndimeze.

Bambowo anandiyang'ana n'kuseka. Anayankhula m'Chiswahili chothyokathyoka ngati changa chomwe: "Achimwene, mukufuna kutimalizira masamba onse? Kwathu ukakhuta umagoneka supuni pamwamba pa kapu. Mayiwa akuopa kusiya, mungawayese oumira."

Apo ndinazindikira kuti kwa maola awiri tonse tinkavutika posungirana ulemu. Ndinagoneka supuniyo, mayi aja n'kukhala pansi.

M'mawa mwake, ndisanakwere minibasi, imene kumeneko amati matatu, yopita kutchalitchi ku Kangemi, ndinagogoda pakhomo pawo n'kuwapempha kuti nawonso adzadye kwanga.