Wotchi Imene Sinali Yanga

Nkhani iyi sindinaiuzepo munthu. Ndaiyamba kangapo pakamwa, koma imathera pakhosi. Mwina papepala ituluka, poti pepala silikuyang'ana m'maso.

Ndinapita ku Nairobi chifukwa cha ng'ala. Mwana wanga wamkazi, woyamba kubadwa, amagwira ntchito ku Gigiri ndipo amakhala m'nyumba yam'mwamba ku Parklands, pafupi ndi chipatala chimene anandichotsa ng'alayo. Diso litapola sanafune kuti ndibwerere kumudzi msanga. Masiku ndinkawathera pakhonde, kuonerera timabasi tawo tija amati matatu tikulimbirana msewu.

Mwana wangayu ndi mayi wamkulu, ana ake ali kusukulu yogonera. Koma Loweruka lililonse ankadzuka kusanache, kuvala kabudula ndi nsapato za mano kunsi, n'kupita kukathamanga m'mapiri a Ngong ndi anzake. Ankabwera matope mpaka m'mawondo, akuseka. Ine sindinkafunsa kanthu za kumeneko, ndipo ndinali ndi chifukwa.

Ali mtsikana kwathu ku Mulanje ankathamanga kuposa anyamata. Mphunzitsi wake anabwera pakhomo kudzapempha kuti apite naye ku mpikisano ku Blantyre. Nthawi imeneyo ndinali wosenza matabwa kuchokera pamwamba pa phiri, dzina langa lomwe sindinkatha kulilemba. Sukulu ya kwacha ndinadzailowa ndili kale ndi ana anayi. Ndinamuuza mphunzitsiyo kuti mtsikana wothamangathamanga amauma m'mimba, sadzabereka. Ndi zimene ndinkamva kwa anthu, ndipo ndinazinena mwanayo ali pomwepo, tsache lili m'manja. Sanalire. Anasiya kuthamanga, ndipo nkhaniyo ine ndi iye sitinaikhudzenso.

Tsiku lina ataweruka kuntchito anandipeza pakhonde paja.

"Ababa, tavalani nsapato mukandiperekeze kushopu. Ndikufuna kukaona mawotchi."

Kwathu mwana waulemu sauza kholo kuti ndikukakugulirani chakuti. Amati mundiperekeze. Jekete limene ndinakwera nalo ndege linabwera choncho, nsapato zanga za kutchalitchi nazonso. Tsono wotchi yanga inali itafa kalekale, ndipo masiku apitawo ndinali nditadandaula za iyo pa chakudya. Nditangomva zoperekeza ndi za mawotchi, mtima unachita kudumpha. Ndinavala jekete lija, ndi chipewa.

Shopuyo inali ya zinthu za m'phiri: matenti, zingwe, mabotolo a madzi, zikwama zazitali ngati mwana. Wogulitsa anali mnyamata wamtali, woonda. "Karibu, mzee," anatero, n'kundikokera mpando. Anatulutsa mawotchi angapo pagalasi, ndipo iye ndi mwana wanga anayamba kukambirana Chingerezi chothamanga chosakaniza ndi Chiswahili. Chingerezi changa n'choyenda pansi, ndiye mwana wanga ankanditembenukira n'kumandiuza pang'onopang'ono.

"Zonsezi zimadziwa pamene munthu waima, Ababa, zimalumikizana ndi makina a kumwamba. Koma iyi batire yake imatha msanga mukayatsa mapu. Iyi imakuuzani kuti mwakwera chitunda chotalika bwanji. Iyi ilibe mabatani, mumachita kukhudza pagalasi, koma akuti chala chikanyowa siimva."

Ndinkagwedeza mutu, ndikudziuza kuti mwanayu akuopa ndingasochere. Paja sabata yapitayo ndinatuluka kukawongola miyendo n'kukapezeka ku Pangani, anachita kundibweza ndi wanjinga yamoto.

Kenako anandiyang'ana mwanjira imene sanandiyang'anepo, mawu atatsika.

"Inu mwakulira m'phiri. Chifunga chikatseka, munthu amafuna chiyani kwenikweni? Tandiuzani."

Lero ndikudziwa kuti pamenepo ankanditsegulira chitseko chimene ndinachitseka ndekha zaka zambiri zapitazo. Ankafuna kuti bambo ake aikepo dzanja pa kuthamanga kwake. Ine ndinangoona mawotchi.

"Amafuna chooneka bwino," ndinatero, ndikuloza yaikulu kuposa zonse, yakuda, ya mabatani m'mbali ndi manambala akuluakulu oti diso langa latsopano linkawawerenga osatsinzina. "Ndi yoti ukaisindikiza imve, ngakhale manja atazizidwa."

"Tamvani kulemera kwake," anatero mwana wanga.

Wogulitsa uja anandimanga nayo pamkono. Lamba wake wa labala anandikwana ngati anachita kundiyeza. Ndinaimirira, ndinavula chipewa n'kuchipanira m'khwapa, ndinaomba m'manja mofatsa monga timachitira.

"Mwanangu, zikomo. Ine wosenza matabwa kuvala chinthu chotere! Mulungu akuwonjezere pamene wachotsapo. Ana ako adzakusamale monga wandisamalira ine."

Ndinalankhula mokweza, anthu m'shopumo anatembenuka. Ndinaona nkhope ya mwana wanga ikusintha, koma ndinayesa manyazi a munthu woyamikiridwa pagulu. M'dzanja lake munali wotchi ina yaing'ono, yopepuka, ya lamba wobiriwira. Anaibweza pagalasi pang'onopang'ono. Wogulitsa ananena mawu ena akuloza mkono wa mwana wanga, iye anapukusa mutu mwachangu.

"Palibe kanthu, Ababa. Yakukhalani," anatero, n'kukalipira.

Lamlungu ndinapita nayo ku mapemphero a Amalawi anzathu. Mkono wa jekete ndinaupinda dala. Aliyense wofuna kumva ndinamuuza kuti wotchi imeneyi imadziwa pamene ndili kuposa ine mwini. Mwana wanga anali pambali panga akumwetulira. Mapu a m'wotchimo sindinkadziwa kuwatsegula. Ndinkangoonapo nthawi yomwa mankhwala.

Lachisanu la sabata yotsatira madzulo kunabwera mnzake wothamanga naye, Mmalawi mnzathu wa pakamwa posapuma, amene amagwiranso ntchito ku Gigiri. Anabweretsa nambala zomata pamalaya, poti m'mawa mwake kunali mpikisano waukulu ku mapiri a Aberdare.

"Mwaswera bwanji, agogo? Iii, koma mwatchena! Tabweretsani mkono tione." Anawerama, kenako anaseka. "Asisi, mwagula ziwiri? Kapena agogo nawo athamanga mawa? Tiwalembetse gulu la madala?"

"Tiye kukhitchini undithandize tiyi," anatero mwana wanga.

Maso anga ndiwo anali ofooka, makutu ayi. Chitseko cha kukhitchini sichitsekeka bwino.

"Yako ili kuti?" anafunsa mnzake uja.

"Ndilibe."

"Ulibe bwanji? Si unapita kukagula?"

"Ndi imeneyo ili pamkono pawoyo. Anayesa ndi yawo. Anathokoza, anadalitsa, shopu yonse ikumva. Ndikanati chiyani? Vulani?"

"Ndiye osangobwerera kukagula ina?"

"Aone ziwiri m'nyumba muno, aganize chiyani? Adziwa basi. Ndidzagula akapita."

"Iwe, mutu wako ukuyenda? Ulendo watha chifunga chinakutsekera, foni inazima ndi mvula, anakakupeza alonda a nkhalango dzuwa likulowa, mano akugundana. Kuli njati kumene kuja. Ndipo mawa ine ndithamanga njira yaifupi, sindikudikira pamphambano."

"Nditsatira anthu."

"Anthu ake ati? Paja iwe umathamanga wekha pakati, akutsogolo atakusiya, akumbuyo utawasiya."

"Tsitsa mawu."

Ndinakhala pampando paja, mkono wa wotchi uli pabondo, wolemera ngati si wanga. Zoti anasocherapo sindinkazidziwa. Chifunga cha m'phiri ndimachidziwa ine: mwala umene wangoudutsa umaoneka wachilendo, ndipo kutsetsereka kulikonse kumaoneka ngati njira yakwanu. Ndinakumbukira mmene ndinapindira mkono wa jekete kumapemphero kuja, iye ataima pambali panga.

Anabwera ndi tiyi. Mnzake uja sanasekenso. Ankayang'ana paliponse kupatula pamkono panga. Atapita tinadya awiri, mwana wanga akundifunsa ngati ndadontheza mankhwala m'diso. Ndinati eya.

Kuivula n'kunena kuti tenga wotchi yako kunali kubweza mphatso, ndipo mphatso sabweza. Kukanakhala kumuuza kuti ulemu wake wonse wapita pachabe. Kupepesa kukanamukakamiza kunama kuti ayi, Ababa, inali yanu ndithu, ndipo ndikumudziwa, akanaisiya patebulo n'kupita wopanda kanthu. Panalinso vuto lina. Nditalowa kuchipinda ndinaivula n'kuyang'ana lamba. Mkono wa mwana wanga ndi waung'ono ngati wa malemu amayi ake. Ngakhale pa bowo lomaliza wotchiyo ikanamagwedera, kumumenya pafupa potsika chitunda.

M'mawa mwake ndinadzuka iye asanatuluke m'bafa. Ndinatsitsa kalendala ya kukhitchini n'kuzula msomali umene inakolekedwapo. Ndinayatsa chitofu cha gasi, chimene ndinkachiopa chifikireni, ndinagwira msomaliwo ndi chopanira nyama n'kuuika pamoto. Anandipeza choncho, atavala kale kabudula, chikwama chili kumsana.

"Ababa, mukuotcha chiyani?"

"Bweretsa mkono."

Anaona wotchi patebulo. "Imeneyo ndi yanu."

"Ndi yanga, eya. Unandipatsa, ndinalandira. Ndiye chinthu changa sindingapatse mwana wanga? Bweretsa mkono, msomali ukuzizira."

Panja galimoto ya mnzake inaliza hutala. Anatambasula mkono, nkhope atayang'ana kukhoma. Ndinamukulunga lamba uja, ndinaukoka mpaka unagwira bwino, n'kudinda ndi chikhadabo pamene pankafunika bowo.

"Mapu a njira yako aikemo mnzako uja m'galimoto. Pakamwa pake pakuoneka kuti amadziwa zonse."

Anaseka pang'ono, mphuno ikutulutsa mamina, n'kupukuta ndi dzanja linalo.

Ndinayala lamba pathabwa lodulira anyezi, ndinabaya ndi msomali wofiira uja. Labala ananunkha khitchini yonse. Bowolo linatuluka lokhota, lopendekera kumbali, koma chomangira chinalowa. Ndinamumanga nayo ndekha, n'kuigwedeza kuti ndione ngati ikusuntha. Sinasunthe.