Dothi la Pamene Anagwera

Linali Lachinayi, mu Febuluwale, folo koloko m'mawa, pamene mwana wanga Tamara anandidzutsa ndi kulira. Ndinali nditagona pa simenti pakati pa azimayi, m'nyumba ya alamu anga a Elias ku Kanyama. Mipando yonse inali itatulutsidwa. Amayi a kwaya anali atatopa, mmodzi yekha ndiye ankang'ung'udza nyimbo pakona. Panja mvula inkawaza. Azibambo anali ataunjikana m'tenti, moto ukungofuka utsi chifukwa nkhuni zinali zonyowa.

A Elias anali akulu awo a amuna anga. Onse awiri ankatsuka magalasi pa nyumba ina yaitali m'tauni. Mapulani a nyumbayo inajambula ndi kampani ya kunja, imene akuti inajambulanso mabwalo a ndege ndi mahotela m'maiko ambiri. Khoma lake la magalasi silinaime chilili. Limapendekera kunja, moti ukaima m'munsi umaona ngati likukugwera. Ojambulawo anaika makina padenga otsitsira otsuka m'kabokosi kachitsulo, koma makinawo anafa chaka chatha, ndipo zitsulo zake akuti zimachokera kunja komweko. Kuyambira pamenepo anthu amatsika pa zingwe, n'kumadzigwedeza m'malere kuti afikire galasi. A Elias anagwa Lolemba. Amuna anga anali pa chingwe china pambali pawo.

Kutacha tinasonkha moto kuseri, n'kutereka nyemba ndi kabichi m'mapoto obwereka ku tchalitchi. Njira inali itadzaza madzi. Anthu ankabwera akuponda pa njerwa, ena nsapato zili m'manja. Anabwera a ku Chawama ndi a ku Matero. Bambo wina wachisilamu wosoka zovala, woyandikana ndi a Elias, anabweretsa mabenchi.

Ndikutsuka makapu, ndinamva amalume a amuna anga a ku Katete akulankhula ndi apongozi anga. Kwao munthu akafa pangozi amatapa dothi la pamene wagwera n'kuliika m'bokosi, kuti mzimu wake usatsale pamenepo n'kumaitana abale ake. Amalumewo anapita ku nyumba ya magalasi ija dzulo lake. Anapeza pansi ponse pali matailosi, atatsukidwa kale ndi paipi.

"Mlonda amafuna kundipatsa dothi la mumphika wa maluwa," anatero. "Ndati iai, mwana wathu sanagwere m'maluwa."

"Nanga titani, alongo?" anafunsa apongozi.

"Tikamuitana pakamwa pokha. Kaya akamva."

Thupi linachokera ku mochale kupita ku tchalitchi. Bokosi sanalitsekule. Titatuluka, ife tinakwera lole, galimoto ya maliro ili patsogolo. Amalume anapempha kuti tidzere pa nyumba ya magalasi ija.

"Apa sibavomeleza kuimilila, ba mudala," anatero dalaivala. "Muchite fasti."

Amalume anatsika, anavula chipewa, n'kuima pageti. "Elias, tiye kwanu. Usatsale pano." Mawu awo anamira m'mahutala a mabasi amene tinawatsekera njira. Ine ndinayang'ana kumwamba. M'magalasi aja ndinaona lole yathu ndi galimoto ya maliro zikulendewera pamwamba pa mitu yathu. Zingwe ziwiri zinali zikadali pomwepo, mphepo ikuzigwedeza. Chimodzi chinali chachifupi. Amuna anga sanadzutse mutu.

Ku manda a ku Chunga tinapeza dzenje lili ndi madzi. Anthu anayamba kukapa ndi ndowa, madzi n'kumabwereranso kuchokera m'mbali. Bokosi linatsikira m'matope. Pa nthawi yoika nkhata anaitana mayi wina wa ku kampani yojambula ija. Analankhula Chingerezi, wina akumasulira. Anati nyumbayo sanaijambule kuti munthu azitsika pa chingwe, ndipo alankhula ndi eni ake kuti makina akonzedwe. Tsiku sanalitchule. Misozi yake inali yeniyeni, ndinaiona.

Tikubwerera ku lole, kapitawo wa otsuka magalasi anawakokera amuna anga pambali. Ndinali kumbuyo kwao, mwana ali kumsana.

"Pepani maningi, mwana," anatero. "Koma mailo, pa Chisanu, ubwele ku nchito. Ba bwana bali na alendo pa Mande, magalasi ya pamwamba yakalibe kusukiwa. Bofuna nchito ni bambili, uziba."

"Nizabwela, ba kapitao."

Madzulo, titasamba m'manja ndi kudya pa nyumba ya maliro, tinabwerera ku chipinda chathu. Kunali zii. Madzi ankadontha kuchokera pa lata. Amuna anga anapachika ovolosi yawo pa msomali, nsapato za ntchito n'kuziika pakhomo. Ine sindine munthu wolankhula. Koma usiku umenewo ndinatsekula pakamwa.

"Atate ake Tamara, musayende ku ntchito."

"Manje tizadya chani?" anatero, osandiyang'ana. "Tizadya maliro?"

Ndinagoneka mwana.

M'mawa mwake ndinadzuka iwo akadali m'tulo. Ndinatenga ovolosi ija, imodzi yokhayo imene ali nayo, ndi nsapato zomwe, n'kutuluka nazo panja, n'kuziviika m'beseni la madzi a sopo. Popanda zimenezo pageti salola kulowa. Kumwamba kunali mitambo yakuda, sizikanauma tsiku limenelo. Ndinakhala pansi pambali pa beseni, n'kuyamba kuyamwitsa mwana, ndikudikira kuti chitseko chitseguke.