Mkamwini amene sanagwetse apongozi ake

Vinsenti anabadwira kufupi ndi Linthipe, ndipo anakulira m'matumba. Ntchito yake inali yokweza kachewere, mbatatesi ija, m'malole opita ku Lilongwe. Anali ndi kanyamulidwe kakekake: ankakoka thumba n'kulitsamiritsa pachiuno, kupinda mawondo, kutembenuka, thumba lija n'kuuluka lokha kukagwera m'lole. Koma likakhala la mbewu, ayi ndithu. Kachewere wa mbewu akasupuka amaolera m'nthaka, choncho thumba lotero ankalitsitsa pang'onopang'ono, dzanja lina kukamwa kwa thumba, lina kunsi, mpaka likhale pansi popanda ndi phokoso lomwe.

Tsiku lina la msika mu 1976, a Rafaelo, sajeni wa polisi wa pa Boma la Dedza, anaima n'kumamuyang'ana kwa nthawi yaitali.

"Iwe, anakuphunzitsa ndani kugwetsa chonchi?"

"Palibe, bwana. Ndi matumba basi."

"Loweruka ubwere ku holo ya parishi pa Boma. Uzikagwetsa anthu."

Vinsenti anapita, khadi la chipani lili m'thumba la malaya, poganiza kuti wapalamula. Anapeza amuna khumi ndi awiri atavala majekete oyera, akugwirana pa kolala ndi pa mkono, akugwetsana pa matiresi a udzu okutidwa ndi lona. Imeneyo inali judo. A Rafaelo anaiphunzira ku Zomba kwa mphunzitsi wina wochokera ku Japani, ndipo ankaikonda kuposa udindo wawo. Lamulo lalikulu la masewerowa anamuuza tsiku lomwelo: ukamugwetsa mnzako chagada, mwamphamvu, msana n'kumveka phi, wapambana pomwepo. Ukamuika pansi mwaulemu, sunachite kanthu.

Loweruka lililonse Vinsenti ankapalasa njinga kukwera mapiri a Dedza, kaya kuli chifunga kaya mvula. Pomatha zaka zitatu, mu holo muja munalibenso wina wotha kulimbana naye kupatula a Rafaelo eni ake.

Ndiye kunabwera za ukwati. A Rafaelo anali a kwa Kaphuka, ndipo mlongo wawo anali ndi mwana wamkazi, Falesi, amene ankabwera ku Boma kudzagulitsa kabichi. Vinsenti anamufunsira, zinatheka. Anakakhala chikamwini kwa Kaphuka. Nkhoswe ya kuchikazi anali a Rafaelo. Amene anayenda naye m'munda n'kumulozera malire, kuyambira pa chulu mpaka pa mtengo wa pichesi, analinso a Rafaelo, monga mwini mbumba. Kuyambira tsiku limenelo "iwe Vinsenti" anatha, kunabwera "inu akamwini". Nayenso "bwana" anamusiya, n'kumati "apongozi". Akakumana pa njira, Vinsenti ankapatukira m'udzu n'kunjuta. Ku holo, ikafika nthawi yosankha wolimbana naye, maso ake ankapita kwina. A Rafaelo ankaziona zonsezi. Pa mipikisano sankakumana, chifukwa a Rafaelo anali a gulu la anthu olemererapo.

Mipikisano inkachitika katatu pa chaka: ku Zomba, ku Blantyre, kenako ku Lilongwe. Kugwetsa munthu chagada kunali mapointi khumi. Kupambana mongokomeredwa ndi oweruza nthawi itatha, asanu. Mapointiwo ankaphatikizidwa, mayina n'kulembedwa pa mndandanda, aliyense m'gulu la kulemera kwake.

Kumayambiriro kwa 1983 kunabwera kalata. Amene adzakhale pamwamba pa mndandanda m'gulu lililonse pakutha pa chaka, adzakwera ndege kupita ku mpikisano wa mayiko a mu Africa. Mmodzi yekha pa gulu. Vinsenti, munthu amene sanapitepo ngakhale ku Tete, anaiwerenga kalata ija katatu. Anaifuna ndege imeneyo, ndipo sanabise. Mmawa uliwonse ankamanga chubu cha njinga pa mtengo wa pichesi uja n'kumakoka mpaka m'manja mutatuluka matuza.

Tsoka lake, dzinja limenelo a Rafaelo anadwala malungo aakulu. Anachira, koma thupi linatsika, ndipo sikelo inawaika m'gulu la makilo 71, gulu la Vinsenti.

Ku Zomba sanakumane: a Rafaelo anagwetsedwa asanafike kumapeto, Vinsenti n'kupambana. Ku Blantyre zinatembenuka, Vinsenti anaterereka pamaso pa msilikali wina, a Rafaelo n'kutenga chikho. Pofika mwezi wa Okutobala, mayina awiri apamwamba pa mndandanda anali ochokera m'mudzi umodzi, osiyana ndi mapointi asanu okha, Vinsenti patsogolo.

Falesi sanali mkazi wozungulira polankhula. Akumulongedzera jekete, anati, "Bambo a Veronika, ndi amalume anga, inde. Koma ndege ndi imodzi. Mukawagwetse."

A Rafaelo nawo, m'basi ya ku Lilongwe, anatembenuka pa mpando nati, "Akamwini, pa matiresi palibe mpongozi. Mwamva?"

"Ndamva, apongozi."

Anamvadi, ndipo anatsimikiza mumtima.

Onse awiri anagwetsa anthu awo m'mawa, ndipo masana, dzuwa likuwotcha malata a holo, anaitanidwa mayina awo pa ndime yomaliza. Anawerama, nagwirana. Kanali koyamba m'zaka zinayi kuti dzanja la Vinsenti likhudze kolala ya a Rafaelo. Mphindi ziwiri zinatha akukokana. A Rafaelo anali ndi zaka makumi anayi ndi chimodzi, ndipo malungo aja anali atawadya mphamvu. Vinsenti ankamva kupuma kwawo kukufupika. A Rafaelo atangoponda molakwika, Vinsenti analowa. Anapinda mawondo, natembenuka, nawatsamiritsa pachiuno. Miyendo ya a Rafaelo inanyamuka, zidendene kuloza kudenga. Holo yonse inaimirira. Chotsala chinali kungowasiya agwe.

Pamenepo Vinsenti anaona mutu wa imvi ukudutsa pafupi ndi nkhope yake, mutu wa munthu amene anamulozera malire a munda. Sanaganize chilichonse. Manja anachita okha. Lina linagwira kolala zolimba, lina linathamangira kunsi kwa msana, ndipo anawatsitsa apongozi ake pang'onopang'ono mpaka anakhala pa matiresi, popanda ndi phokoso lomwe.

Woimbira sanakweze mkono. Akanakweza chifukwa chiyani? Munthu sanagwe, wakhazikidwa. Wina kumbuyo kwa holo anaseka.

A Rafaelo anadzuka maso ali psuu. Woimbira atangolamula kuti apitirize, anamusesa miyendo Vinsenti n'kumumenyetsa pansi, phi! Mapointi khumi. Dzina lawo linakwera pamwamba, la Vinsenti n'kutsikira pachiwiri.

Kunja, pa mpopi, a Rafaelo anamupeza akusamba kumaso.

"Akamwini, ine ndine thumba la mbewu?"

Vinsenti ananjuta pamatope pomwepo. "Pepani, apongozi. Manjawa."

Pali anthu kwa Kaphuka amene mpaka lero amati anachita dala poopa kulandidwa munda. Bodza lenileni, ndipo limandipsetsa mtima! Oyankhula zimenezo sananyamulepo munthu. Vinsenti analira m'basi njira yonse, nkhope ataibisa m'jekete, ndipo munthu wochita dala salira choncho.

A Rafaelo anapita kwa akuluakulu a masewerowo kukapempha kuti m'malo mwawo mupite mkamwini. Anawayankha kuti mndandanda ndi mndandanda, mapointi sapatsana ngati fodya. A Rafaelo anakwera ndege, ndipo kumeneko anagwetsedwa pa ndime yoyamba, mphindi imodzi isanathe. Chaka chotsatira kalata ya ndege sinabwere. Chaka chinacho Vinsenti anathyoka bondo atagwa m'lole pa Linthipe. A Rafaelo atapuma ntchito n'kubwerera kumudzi, matiresi aja anadyedwa ndi chiswe mu holo.

Vinsenti anakhala mlimi wa kachewere, wodziwika kuti mbewu yake siola. Ana asanu, kwaya Lamulungu, njinga yomwe ija. Nyumba yake ndi ya a Rafaelo zinayang'anana zaka zambiri. Ankapatsana moni waulemu wonse, maliro kuyendera limodzi, koma za Lilongwe palibe anazitchulapo. Ndege ikamadutsa pamwamba pa mapiri, Vinsenti ankaweramira khasu.

Mu Juni 1992, m'mawa wozizira, a Rafaelo anafooka kwambiri moti sanathenso kuima. Ngolo inafika pakhomo kuti iwatengere kumsewu, akapeze galimoto ya kuchipatala. Azimayi a pakhomopo anayang'anana: awanyamule ndani? Falesi anakaitana mwamuna wake.

Vinsenti anaima pakhomo la chipinda, malo amene mkamwini salowa, mpaka a Rafaelo anati, "Lowani." Anawanyamula. Anali opepuka kuposa theka la thumba. Anatuluka nawo akutsimphina, nafika pa ngolo, dzanja lina kukhosi, lina kunsi kwa msana, nawagoneka pa bulangeti pang'onopang'ono.

A Rafaelo anagwira mkono wake wa malaya, mmene amagwirira pa judo, osausiya.

"Manja omwe aja," anatero. Anapuma kaye. "Zaka zisanu ndi ziwiri ndinakuphunzitsani kuti tsiku lina mudzandigwetse. Ndinkaliyembekeza tsiku limenelo kuposa ndege. Munandimana, akamwini."

Kenako anawonjezera kuti:

"Ndege ija inali yako, iwe Vinsenti."

Anali asanamutchule choncho kuyambira tsiku la ukwati. Vinsenti anawafunditsa bulangeti mpaka m'mapewa, misozi ikugwera pa manja ake, ndipo anayenda pambali pa ngolo mpaka kumsewu, mkono wake wa malaya uli m'dzanja la apongozi ake. Ku chipatala a Rafaelo anakhalako masiku awiri okha, n'kumwalira.