Awiri opsompsonana pakhoma langa

Ndinkaphunzitsa pa sikola ina ku Furancungo nkhondo itafika povuta. Amuna anga anali namwino. Anthu a mfuti anawagwira pa msewu akupita kukabaya ana katemera, ndipo sitinamvenso za iwo.

Mvula itatha ndinazira nyumba monga amachitira amayi onse. Dothi lofiira linatsalako. Ndinasinja makala, n'kusungunula phulusa, ndipo pakhoma loyang'ana kunjira ndinajambula mwamuna ndi mkazi akupsompsonana. Zoterezi ndinaziona m'buku la Chipwitikizi ndikuphunzira zauphunzitsi: nkhope ziwiri zolowana, osadziwika pothera uyu ndi poyambira uyo. Nthawi imeneyo tinkangoseka. Koma amuna anga khalidweli anali nalo. Akamachoka ankandipsompsona kuseri kwa chitseko, ngakhale m'mawa womaliza uja.

Apongozi anga anabwera kuchokera ku Ntengo-Wambalame. Ataona khomalo anakhala pansi molifulatira. Anati zakuchipinda sayanika panja, anthu akuti ndapenga kapena ndikuitana amuna, ndipo mkazi wamasiye amadzisunga. Ndinagwada n'kuwayankha motsitsa mawu.

"Mukandionetsa manda awo, amayi, ndifafaniza ndi manja angawa."

Anabwerera kwawo osalawira.

Kenako diretolo, mkulu wa sikola, anandiitana. Anati ngati luso landichulukira ndikajambule khasu ndi mfuti pakhoma la sikola, osati zosokoneza ana. Ndinati mfuti ana amaziona tsiku ndi tsiku, chithunzi chake n'chachiyaninso. Anandilanda kalasi n'kundipatsa tsache. Ndinasesa bwalo miyezi ingapo, koma khoma langa sindinalikhudze.

Mvula yotsatira inakokolola miyendo ya awiriwo, ine n'kubwezeretsa. Amayi opita kumsika ankadutsa atazolika, koma ena ankayenda pang'onopang'ono akafika pamenepo, makamaka amene amuna awo anasowa ngati anga. Mmodzi, wogulitsa mbatata, anandikokera pambali n'kundipempha kuti ndikamujambulire nayenso, koma mkati mwa nyumba, ndipo mwamunayo akhale wadazi, wamfupi kuposa mkaziyo. Ndinapita. Nditamaliza anandiuza kuti mphuno ndalakwitsa, ndipo tinakonza limodzi.

Chaka chomwecho tinathawira ku Malawi, nyumba inatenthedwa. Amuna anga sanabwerere. Apongozi anamwalirira kumsasa wa othawa nkhondo, ine ndikuwasambitsa ndi kuwaphikira phala mpaka tsiku lomaliza. Za khomalo sitinakambiranenso, ndipo ine sindinapepese.