Namdima ndi Chitini cha Masilaidi

Inu amene mwauzidwa kuti luso lanu linapita ndi nthawi, tamvani za mayi uyu.

Anzake ankamutcha Namdima, poti kwa zaka khumi ndi zinayi ankatsuka zithunzi m'kachipinda kamdima ka situdiyo ina. Mafoni atachuluka, makasitomala anatha, bwana n'kutseka situdiyoyo. Kulikonse kumene ankafunsira ntchito ankamufunsa za kompyuta, iye osadziwa ndi poyatsira pomwe. Anabwerera kwa mayi ake ndi ana awiri, n'kumagona pabalaza.

Tsiku lina azakhali ake, posamuka, anamubweretsera chitini cha mabisiketi chodzaza masilaidi. Ndi tizithunzi ta filimu tating'ono ngati bokosi la machesi, tooneka pokhapokha ukatilozetsa kowala. Tinali ta malemu bambo ake a Namdima, omwe anamwalira iye asanabadwe. Pakhomopo panalibe chithunzi chawo ngakhale chimodzi. Tambiri tinali titachita chuku, ndipo adokotala anali atanena kale kuti maso a mayi ake, omwe ankadwala shuga, sakhalitsa.

Namdima anaboola katoni ya nsapato, kuikamo babu ndi pepala loyera, n'kumangirira galasi la kamera yakale pafoni yake ndi mphira kuti azijambula masilaidiwo. Zoyamba kujambula zinatuluka zofiira, anthu osaoneka nkhope. Mlamu wake ankaseka kuti wayamba kujambula mizukwa. Silaidi ina anaipukuta ndi madzi ochuluka, chithunzi chonse n'kutsalira pathonje. Analira, ndipo sabata yathunthu chitinicho sanachikhudze.

Koma analimba mtima. Anakapempha mayi wina wotayipa makalata kuti azimusesera muofesi, iye azimulola kugwira kompyuta nthawi ya nkhomaliro. Anaphunzira kuchotsa timadontho pazithunzi ndi kubwezera mitundu. Apa zaka zake zam'kachipinda kamdima zinamupindulira: diso lake linkadziwa mtundu weniweni wa khungu la munthu.

Vuto linali limodzi. Masilaidi ankangoonetsa mayi ake ali mtsikana, mabasi, maukwati a anthu ena. Bambo ake sankaonekamo, poti ndiwo ankagwira kamera.

Mwezi wachinayi, pansi penipeni pa chitini, anapeza silaidi yopindika. Ataikonza panatuluka mwamuna wamakutu aakulu, akuseka atatsamira njinga. Anakaionetsa pa TV. Mayi ake anasendera mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda galasi.

"Ndi iwowa, mwanawe. Makutu akowo si awa? Malayawa ndinasita ndine, ndinawapsereza pakolala."

Namdima anagwada pambali pawo. "Amayi, mukuwaonadi?"

"Ndikuwaona. Maso azipita tsopano, ndilibe nawo mawu."

Azakhali aja sasunga nkhani. Sabata isanathe anthu anayamba kugogoda, wina ndi chitini, wina ndi jumbo, wina ndi sutikesi yonunkha mphemvu. Lero Namdima ali ndi shopu yake, makina awiri osikanira, olowetsera zithunzi mukompyuta, ndipo analemba ntchito anzake atatu a kusitudiyo kuja. Pakauntala pamakhala mpango, chifukwa ambiri akaona makolo awo misozi simachedwa. Mayi ake saonanso, koma mlendo aliyense amamulozera pakhoma n'kumufotokozera chithunzicho bwinobwino.

Inunso chimene manja anu amadziwa sichinafe ayi. Pezani pochigwiritsa ntchito, yambani ndi zomwe zili m'nyumbamo, zikakanika muyesenso mawa. Mtimawo musautaye.