Bandi Imene Anthu Ankaiyesa Chigayo

Magaye, imvani iyi, mpaka pano mutu wanga sukugwira.

Chaka cha 2008, Yobu anali tenanti pa esiteti ina ya fodya kufupi ndi Santhe, iye ndi mayi ake. JC analephera kawiri. Makuponi a feteleza atabwera, dzina lake munalibe, akuti ndi obwera. Kukwaya nako anamuthamangitsa, chifukwa makoswe anaboola sipika ya gitala yake, ndiye ikalira inkangoti gwrrrr ngati ng'ombe yodwala.

Mwini esiteti, a Simeon, anamuitana.

"Iwe, ndikadzamvanso phokoso lakolo, iwe ndi amako mukagone kumsewu."

Tenanti akachotsedwa alibe kolowera, aise. Nyumba ndi ya bwana, munda ndi wa bwana.

Koma Yobu kulira koipako anali atakukonda. Siriyasi! Fodya atapita ku okushoni, ananyamula batire kupita ku chigafa chopanda kanthu kumapeto kwa esiteti. Anatenga anzake awiri, Dyna wa ng'oma za chikopa, ndi Rute amene besi yake inali ya mawaya a mabuleki a njinga. Nyimbo zawo zinali zolemera, zoyenda pang'onopang'ono, kalaini kamodzi kubwereza mpaka mitengo ya chigafa kunjenjemera.

Tsiku lina m'mawa ali mkati moimba, Dyna anaponya timitengo pansi.

Panja panali mzere wa azimayi, madengu a chimanga pamutu.

"Odi kuno! Chigayo chatsopanocho chili pati?"

Eee! Anamva kugunda kuchokera tsidya la dambo, nkuganiza kuti kwatsegulidwa chigayo. Ndiye kumapeto kwa mzere kunali ndani? A Simeon eni ake, thumba la chimanga pa keriyala ya njinga. Nawonso anapusitsika!

Yobu anasiya kuliza gitala. Anaganiza za mayi ake ndi katundu pamsewu.

Mayi wina, a Feggie, anatula dengu.

"Taoloka dambo lonseli, miyendo matope okhaokha. Ngati simugaya, imbani basi!"

Yobu anayang'ana bwana, anayang'ana gitala. Anaimba nyimbo yake ya makuponi, yakuti "Dzina Langa Mulibe". Azimayi aja kukamwa yasa. Ambiri a iwo mayina awonso munalibe. A Feggie anayamba kuvomera ngati pamaliro, ena nkulowa, mitu ikugwedezeka.

Itatha, onse anacheukira a Simeon. Achotse munthu pamaso pa azimayi akulira?

A Simeon anakanda mutu. "Mwandinyamulitsa chimanga chabe, ana inu. Iwe Yobu, amako akhale. Koma fodya akalowa muno, phokoso panja."

Bandi anaitcha Chigayo. Anayamba masiku a msika pa Santhe, kenako pa Kasungu boma, kenako mashoo ku Lilongwe. Kumeneko mnyamata wina wa ku koleji anawauza kuti kunja nyimbo zoterezi amati stoner rock, za anthu osuta chamba.

Yobu anadzidzimuka. "Chamba? Achimwene, ine ngakhale fodya amene ndimalima sindinamulawepo!"

Lero mayi ake akukhala m'nyumba ya malata, pamalo pawopawo, palibe wowaopseza.

Ndiye iwe amene akukuuza kuti luso lako ndi phokoso, usalitaye. Limbikira, liza mwamphamvu mpaka a tsidya la dambo amve. Mtima usagwe, aise.